Mphini za Wyson

Chaka chimene mfuti za ku Milanje, kutsidya kwa malire, zinayamba kumveka mpaka pa Limbuli, Wyson anauza amayi ake kuti akufuna usilikali. Ananena ali chiimire pakhomo, ngati munthu wodzabwereka nkhwangwa. Alefa anali atangofika kumene kuchokera kothyola tiyi, chitenje chitanyowa ndi mvula ya chiperoni, msana ukuwawa ndi dengu. Anamuyang'ana mwanayo kuyambira kumapazi mpaka kumutu.

"Wati chiyani?"

"Akubwera kudzalemba pa boma mwezi wamawa. Ine ndikupita, amayi."

"Ndiye wabwera kudzapempha kapena kudzalengeza?"

Mwana ameneyu anatengera mutu wa bambo ake, ndipo Alefa ankaudziwa bwino mutu umenewo. Bambo akewo nawo tsiku lina anaima pakhomo pomwepo n'kunena kuti akupita ku Theba, kumigodi ya ku Joni, akabwera ndi njinga ndi malata. Njinga sinabwere, malata sanabwere, mwini wakenso sanabwere. Alefa anatsala ndi kamwana kamodzi kumsana, ndipo anakalera ndi tiyi wa pa esiteti: masamba awiri ndi nsonga, masamba awiri ndi nsonga, mpaka zala zinada osayeranso. Anamuphunzitsa mpaka JC. Mumtima ankamuona ali kalaliki wa pa sikelo, bolopeni pakhutu, atakhala pansi pa denga anthu ena akunyowa kunja. Tsono lero mwana yemweyo akufuna akanyamule mfuti.

Mantha a Alefa sanali achibwana. Pa Muloza anthu othawa nkhondo ankawoloka tsiku ndi tsiku, Alomwe anzake, olankhula chilankhulo cha agogo ake, ena atadulidwa makutu, ena atabereka ana otupa mapazi. Wailesi sinkanena, koma aliyense ankadziwa kuti asilikali akuno akulondera njanji ya ku Nakala, ndi kuti ena akubwerako m'mabokosi. Zinali zaka zoti nkhani zotere umazinena utacheuka kaye, chifukwa ayufi pamsika sankangofunsa makadi a chipani okha, makutu analinso nawo.

Analira, anakalipa, anatchula bele limene mwanayo anayamwa. Wyson sanasinthe maganizo. Pamapeto pake Alefa anapita nayo nkhaniyo kwa mlongo wake, a Pilato, poti ndiwo anali mwini mbumba. A Pilato anali munthu wodziwa zonse. Ulendo wautali umene anayendapo unali wa ku Luchenza, koma akayamba kufotokoza za nkhondo unkayesa anaiyambitsa ndi iwo.

"Chemwali, ameneyu ngakhale umumange chingwe apitabe," anatero. "Chofunika n'kumukhwimitsa basi. Pa Muloza pabwera mkulu wina wa ku Gurue, amatema mphini za chipolopolo. Akakutemera ameneyo, chipolopolo chikafika pathupi pako chimangosanduka madzi."

Panalibe amene anafunsa kuti nanga mkuluyo, ndi mankhwala onsewo, anathawiranji nkhondo kwawo. Alefa anali mayi wa Mvano, wa bulauzi yoyera, ndipo ankadziwa zimene abusa akananena atamva. Koma mantha anali atamukwera pamutu, ndipo anavomera asanamalize n'komwe kuganiza.

Wyson poyamba anaseka. "Atsibweni, zimenezo ndi zachikale." Kenako anatembenukira kwa amayi ake. "Ndikalola kunditema, mundilola kupita ndi mtima woyera?"

"Ndikulola."

"Basi tiyeni."

Anapita Loweruka masana ataweruka. Mkulu uja anawalandirira m'kachisakasa ka udzu kumapeto kwa misasa ya othawa nkhondo. Anati mankhwala akewo amagwira ali aawisi, motero anachita bwino kubwera tsiku lolemba litayandikira. Anatulutsa lezala limene linali litadutsa kale pa misana yambiri, natema pachifuwa, m'mapewa ndi kumsana, mizere iwiriiwiri. Anapaka mankhwala akuda a m'nsupa, osakaniza ndi mafuta a nsatsi, n'kuchita kutikita ndi chala chachikulu. Lamulo linali limodzi: mwanayo asakhudze madzi mpaka atavala yunifolomu. Alefa anawomba m'manja kuthokoza, ndipo pobwerera anamva kupepuka kumene sanamvepo chiyambire nkhaniyi.

Tsiku lolemba, bwalo la mpira pa boma linadzaza. Anabwera anyamata a ku Thuchila, a ku Chitakale, ena ochokera kuseri kwa phiri atayenda wapansi. Alefa anajomba kuntchito n'kukaima kumbali pamodzi ndi amayi ogulitsa nanazi. Anali ataona m'mawa kuti mwana akuyenda mowuma, maso atafiira, koma atafunsa anauzidwa kuti palibe chimene chikuvuta.

Asanayambe kuthamanga, sajeni anakuwa kuti onse avule malaya. Malaya a Wyson anakakamira pamsana, ndipo anachita kuwamatula. Mphini zija zinali zitatupa, zikutuluka mafinya, khungu lonse lozungulira likunyezimira. Mnyamata amene anali kumbuyo kwake anagwira mphuno. Wina anakuwa kuti, "Wakhwima uyu!" ndipo mzere wonse unafa nacho chiseko.

Sajeni sanaseke. Anamugwira pachipumi ndi kuseri kwa dzanja. "Mwana iwe, ukutentha thupi. Ukathamanga ugwa. Pita ukachire, udzayesenso tikadzabwera."

Wyson anavala malaya ake pang'onopang'ono. Anadutsa pafupi ndi amayi ake osawayang'ana.

Kutacha sanathe kudzuka. A Pilato tsiku limenelo anapezeka kuti ali ndi ulendo wofunika kwambiri wa ku Thuchila, motero Alefa anabwereka njinga yekha, n'kumukweza mwana pakaliyala, n'kukankha mpaka ku kachipatala ka pa esiteti.

Kumeneko kunali Che Mustafa, Myawo wachikulire, wotsimphina, amene aliyense ankati adokotala ngakhale eni ake ankakana dzinalo. Pa unyamata wawo anali msilikali wa Keyala nthawi ya atsamunda, wa gulu losamala ovulala, ndipo anakafika mpaka ku nkhondo ya ku Malaya. Amayi a pa esiteti ankaopa zinthu ziwiri kwa iwo: sipiliti ndi pakamwa. Alefa anali nawo chakukhosi kuyambira chaka china pamene anamubweza kuntchito iye akuti msana wamugwira. Che Mustafa anangoyang'ana msana wa Wyson n'kuvula magalasi.

"Amake Wyson, mwana uyu anakulakwirani chiyani?"

"Timati timuteteze ku chipolopolo, adokotala."

"Ndithu mwamuteteza. Kumanda chipolopolo sichifikako."

Akanakhala wina Alefa akanamuyankha, poti pakamwa nayenso anali napo. Koma anaona m'mene manja a munthu wamwanoyu ankayendera pamsana wa mwana wake, kutsuka mphini imodziimodzi mosathamanga, kufinya, kupaka jivi, kenako jakisoni. Anangokhala pansi pakhonde n'kuyamba kulira chamumtima.

Thupi linapola, koma mtima wa Wyson unatupa kuposa msana uja. Kulikonse kumene ankadutsa, ana ankamukuwiza kuti Wakhwima. Anzake amene anatengedwa anali atapita kale kokaphunzira usilikali ku Salima. Iye anachotsa mphasa yake kunyumba n'kukagona kugowelo kwa mnzake, ndipo chakudya cha amayi ake anasiya kudya. Amene sanaberekepo angaone ngati n'zazing'ono. Alefa ankaphika, kuika mbale pakhonde, nkhuku n'kumazungulira mbaleyo mpaka iye mwini aichotse.

Tsiku lina anakumana naye panjira ya kuchigayo. Anamugwira dzanja.

"Wyson, ndinalakwa. Chaka chamawa si kutali."

"Chaka chamawa mudzapezanso china chondichita." Anachotsa dzanja lake. "Kutsidya kuja mfuti amapereka osakuvula malaya, amayi. Sakufunsa n'komwe dzina."

Alefa ankadziwa kuti si nkhambakamwa. Anyamata ena a m'malire ankawoloka Muloza n'kukalowa m'tchire, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene anabwerako kudzafotokoza. Mwana amene ankaopa kuti amutaya ku usilikali tsopano anali pafupi kumutaya ku chinthu chopanda dzina, ndipo womukankhira kumeneko anali iye mwini.

Anayenda molunjika ku kachipatala kaja, ufa uli pamutu.

"Adokotala, inu nkhondo munaiona. Mumuopseze mwana uja. Mumuuze kuti usilikali ndi imfa, aiwale mfuti."

Che Mustafa anali akuwiritsa masingano pa sitovu ya parafini. Sanatembenuke.

"Ine kunamiza mwana ayi. Mwamunamiza kale ndi madzi a chipolopolo aja, zakwana."

"Ndiye ndingomuyang'ana akupita?"

"Mwana wanuyo usilikali adzapita, amake Wyson, mufune musafune. Chimene tingamuthandize n'choti akakafika kumeneko akanyamule chiyani. Inu mukati usilikali mumangoona mfuti. Iyenso amangoona mfuti yomweyo. Mwafanana, n'chifukwa chake simukumvana." Anazimitsa sitovu. "Mawa ali ndi tsiku lodzaonetsa zipsera. Ndisiyireni."

Zimene anakambirana mawa lakelo Alefa sanazimve. Anangoona kuti mwana wayamba kupita ku kachipatala tsiku lililonse. Che Mustafa anamuuza Wyson, monga Alefa anadzamvera kwa anzake pothyola tiyi, kuti othawa nkhondo ambiri obwera kudzatsukitsa mabala amalankhula Chilomwe chokha, iwo sachimva, ndipo akufuna womasulira. Ichi sichinali chinyengo. Wyson, amene kusukulu ankachita manyazi kuyankha amayi ake m'Chilomwe pamaso pa anzake, anayamba ntchito yomasulira. Posakhalitsa anapatsidwa beseni kuti azigwira. Kenako thonje. Kenako sizasi.

Alefa anaganiza zoti mwina kumeneko angalandire chakudya. Anaphika kalongonda, nyemba zathu za Alomwe zimene Wyson ankazifera kuyambira ali wamng'ono. Kalongonda saphika waulesi. Umamuwiritsa kuyambira m'mamawa, kutaya madzi, kuthira ena, kutayanso, mpaka dzuwa kupendeka, chifukwa ukamuthamangira amazunguza mutu ndipo anthu ena anapita nazo. Lamulungu lonse linathera pamoto. Lolemba poweruka anafika ndi mbale yomanga m'kansalu.

Wyson atamuona analowa m'kati. Che Mustafa ndiwo anatuluka.

"Siyani pamenepo. Akakana mwini wake, ena tili ndi njala."

Mawa lake mbale inali pakhonde, yotsukidwa. Alefa anapsa mtima kuti nkhuni zake zonse zija zathera m'mimba mwa mdala wamwano, koma anaphikanso sabata yotsatira, ndi inzake, ndi inzake. Kunali kupeza chifukwa chopitira kumeneko. Ankaima pazenera la m'mbali, pamene panali mtengo wa mapeyala, n'kumamuona mwana wake ngakhale kwa kanthawi kochepa.

Pazenerapo ndi pamene anaonera zambiri. Anaona kuti bandeji iliyonse imene Wyson wamanga, Che Mustafa ankaigwira, kupukusa mutu, n'kuimasula yonse. "Yathina, ukufuna mwendo ufe?" Akamanganso: "Yakhwepa, akafika pa msewu yagwa." Tsiku lina mwana anamanga katatu, katatu konse inamasulidwa, ndipo Alefa anatsala pang'ono kulowetsa mutu pazenera kuti awafunse ngati iwo anabadwa akudziwa. Mawu oyamikira sanatulukepo m'kamwa mwa munthu ameneyu.

Anaonanso tsiku limene thirakitala ya esiteti inabweretsa mtsikana wothawa nkhondo amene anavulala mwendo m'njira, bala litayamba kale kununkha. Amuna awiri amene anamunyamula anathawira panja. Mtsikanayo ankakuwa, kumenya aliyense womuyandikira. Wyson anagwada, n'kuyamba kumulankhula m'Chilomwe, chapansipansi, kumufunsa dzina la mudzi wake, dzina la mtsinje wakwawo, ngati kwawoko nandolo anali atayamba kucha. Dzanja lina linagwira bondo osanjenjemera mpaka Che Mustafa anamaliza. Alefa anamva mawu ake omwe, amene ankamutonthozera mwanayo akadwala malungo, akutuluka m'kamwa mwa mnyamata amene sankamulankhula.

Atatha, awiriwo anakhala pakhonde akusamba m'manja. Alefa sanasunthe pansi pa mtengo paja.

"Kodi iwe, usilikali ukufuna ukachite chiyani?" anafunsa Che Mustafa.

"Kumenya nkhondo."

"Ndi ndani? Ndi abale ake a mtsikana uyu? Tamvera. Mfuti aliyense amaphunzira, ngakhale wophika. Uguba, ugudubuka m'matope, akutukwana mpaka agogo ako. Ukapirira zimenezo, njira zimagawikana. Kuli oyendetsa malole, kuli okonza injini, kuli a wailesi, kuli oimba bandi. Kuli ongonyamula mfuti, ndipo sindikuwanyoza, anandipulumutsapo. Ndiye kuli ife a chipatala. Injini iwe suidziwa, ndinakuona ukulimbana ndi tcheni ya njinga. Kuimba usayerekeze. Koma fungo lija amuna akuluakulu athawa, iwe unagwada."

"A chipatala ndi asilikali enieni?"

Che Mustafa anakweza buluku mpaka pabondo. Pakatumba panali dzenje loti chala n'kulowa.

"Ichi sindinachipeze ndikugawa mapiritsi. Mfuti zikayamba kulira, anzako onse amagona pansi kubisa mitu. Wina akakuwa kuti mayo, wodzuka ndi iwe. Ndiye undiuze ngati si usilikali." Anatsitsa buluku. "Ukatha maphunziro, akadzafunsa kuti ndani anagwirapo bala, udzakweze dzanja msanga, usadzayang'ane anzako. Koma njira imeneyo imadzera pa boma, pa mzere, utavula malaya. Sidzera ku Muloza. Kumeneko bandeji kulibe."

Wyson atapita kukataya madzi, Alefa anatulukira kuseri, mbale ili m'manja.

"Ndinati mumuchotse ku moto, inu mukumuuza kuti azidzuka anzake atagona!"

"Ndamuuza zoona. Angavulale, angafe, sindikulonjezani kanthu. Koma akapita ndi ntchito m'manja, ndipo akabwerako adzatha kugona tulo. Ine ndimagona, amake Wyson. Anzanga ena amene ndinabwera nawo sagona mpaka lero."

Alefa anaika mbale pakhonde n'kumapita osatsanzika. Anawakwiyira masiku ambiri. Koma nkhani yowoloka Muloza sinamvekenso, ndipo iye anazindikira zimenezo ngakhale sanafune kuvomera.

Chaka chitatembenuka asilikali anabweranso pa boma. Wyson anavula malaya, zipsera zili mizeremizere zitapola bwinobwino, anathamanga n'kufika m'gulu loyamba. Tsiku lonyamuka anabwera kunyumba kudzatenga bulangeti. Anagwada patali, monga achitira mlendo.

"Ndapita, amayi."

"Uyende bwino, mwana wanga. Ndakukazingira mtedza."

"Atipatsa chakudya konko."

Lole inanyamuka. Alefa anabwerera ndi mtedza wake, ndipo mpaka lero akati atchule tsiku limene linamupweteka kwambiri, satchula la pa bwalo la mpira lija.

Uthenga unkabwera kudzera kwa Che Mustafa, ndipo unali waufupi. Wamaliza ku Salima. Anakweza dzanja, amutenga ku chipatala cha asilikali ku Zomba. Kenako uthenga umene Alefa ankauopa: amutumiza ku njanji. Miyezi imeneyo lole iliyonse yobiriwira ikadutsa pamsewu, manja ake ankaima pa tiyi mpaka kapitawo amukuwire.

Nyengo yodula tiyi itafika, Alefa anaterereka m'munda, chitsa chosongoka n'kumung'amba pa msongolo. Ku kachipatala sanapite, poti anali atatopa n'kuyang'ana nkhope ya Che Mustafa kuti aone ngati yabisa uthenga woipa. A Pilato anabweretsa mankhwala akuda m'kabotolo, ndipo iye, munthu wosamva ameneyu, anapaka. Bala linakula. Anayamba kujomba, n'kumangokhala pakhonde atamangapo kansanza.

Ndi m'mene anamupezera msilikali amene analowa pabwalo masana ena, jombo zili mbuu ndi fumbi la pa Limbuli, chikwama cha mtanda wofiira chili paphewa. Anali atada, ataonda m'masaya, ndipo maso ake anali a munthu wamkulu. Alefa anafuna kudzuka, mwendo unakana. Anangotambasula manja n'kuyamba kulira mokweza, osasamala za anansi.

Wyson sanagwade patali. Anafika pafupi, anawagwira amayi ake m'mapewa, kenako mphuno yake inamuuza kanthu. Anamasula kansanza kaja.

"Amayi! Mankhwala akuda omwewa? Simunaleke?"

"Ndi atsibweni ako."

"Atsibweni adzatimaliza tonse." Anali akuseka, koma misozi ili m'maso. Anavula shati la yunifolomu kuti lisade, anawiritsa madzi, anathira mchere, n'kugwada pa dothi. Anatsuka mosathamanga, akuwalankhula m'Chilomwe kuti asamve kuwawa. Alefa ankangoyang'ana mizere ya pachifuwa ija ikutuluka m'mbali mwa vesiti.

"Zinakugwira ntchito?" anafunsa mwamanyazi.

"Chipolopolo chimalowa, amayi. Ndachiona chikulowa mwa anthu a mphini zambiri kuposa izi." Anatenga bandeji m'chikwama n'kuyamba kukulunga kuchokera kukakolo. "Koma zikanapanda kutupa, ndikanapita chaka chija, ndi mutu umene ndinali nawo uja. Sindikanawadziwa Che Mustafa. Sindidziwa kuti ndikanakhala munthu wotani lero." Anamanga mfundo. "Mawa tipite akakubayeni jakisoni. Ndipo ngati muli ndi kalongonda, muyambe kuviika."

Mawa lake Alefa anakwera pakaliyala, mwana akupalasa, tambala wofiira wokathokozera Che Mustafa ali m'manja mwake. Anatenga wamoyo dala, poti Msilamu sadya nyama imene sinachinjidwe mwa Chisilamu. Njira yonse ankakonza mawu oti akanene, koma atafika pakhonde paja onse anabalalika.

Che Mustafa anatuluka akutsimphina. Anayang'ana msilikali uja, msilikali anawomba sawasha, iwo anangoti, "Waonda." Kenako anawerama pa mwendo wa Alefa. Anapanikiza bandeji ndi chala, analowetsa chala m'mphepete, anayang'ana mfundo. Alefa anadikira kuti aimasule. Che Mustafa anaweramuka n'kukatenga jakisoni.

Atabayidwa, Alefa anapereka tambala ndi manja awiri.

"Adokotala, ine pakamwa pandithera. Ndinkakutukwanani mumtima, Mulungu andikhululukire. Munandichiritsira mwana, munandibwezera mwana. Ngakhale kalongonda wanga yense uja munadya, ndilibe nanu mlandu."

"Ine?" Che Mustafa anabwerera m'mbuyo ngati aona njoka. "Nyemba zozunguza mutu zija? Chibadwire sindinalawepo, ndipo sindidzalawa. Ndinkangoika mbale m'kabati ya mabandeji n'kupita kokaswali. Pobwera ndinkapeza yotsuka. Afunseni asilikali anuwo."

Alefa anatembenuka. Wyson anali atapeza chinthu chofunika kwambiri choti ayang'ane pamwamba pa phiri, makutu ali piriwiri.

Miyezi yonse ija, pamene iye ankalira kuti mwana wakana dzanja lake, mwanayo ankadya. Ndipo mdala uyu ankadziwa, anasunga manyazi a mwana, anasunganso njira ya mayi, osauza uyu kapena uyo. Alefa Chichewa chinamuthawa. Anayamba kuthokoza m'Chilomwe, chilankhulo chimene munthuyo sankachimva, akuwomba m'manja, akutsika kuti agwade pa simenti.

Che Mustafa anamugwira pamkono asanafike pansi.

"Dzukani, amake Wyson, dzukani! Mundiwonongera bandeji yabwino."